Ku Chiputo ndi Kakamera ka M'thumba

Ambiri mwa inu owerenga mukamva za Achewa a ku Mozambique, maganizo anu amathamangira ku Angónia, pakuti ndi kufupi ndi Dedza ndi Ntcheu, ndipo ena mwa inu munakwatirako kapena mumakapikulako mbatata ya kachewere. Koma dziko la anthu a chiyankhulo chathu silithera pamenepo ayi. Limapitirira kumadzulo, kudutsa maboma a Macanga ndi Chifunde, mpaka kukafika ku Marávia, boma limene dzina lake lomwe likuchitira umboni kuti kumeneko n'kwa Amaravi. Kumpoto kwake kuli dziko la Zambia, kummwera kuli nyanja ya Cahora Bassa, kumadzulo kuli boma la Zumbo. Likulu lake ndi Fingoé, ndipo bomalo linagawidwa m'zigawo zinayi zimene eni ake amazitcha maposto: Fingoé, Malowera, Chipera ndi Chiputo. Kukula kwake limaposa maboma a Lilongwe ndi Kasungu kuwaphatikiza pamodzi, komatu kalembera wa 2007 anapezamo anthu ongopitirira pang'ono 80,000. Tsono mutha kuona nokha mmene midzi yake inatalikirana.

Anthu a kumeneko ndi athu enieni. Mafumu a Achewa a m'chigawo cha Tete amalemekeza Kalonga Gawa Undi, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti ena a iwo amawoloka malire kupita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba. Ngakhale Mano, likulu lakale la Undi, linali mbali ya Mozambique yomweyi. Mukamva mayi wa ku Chiputo akuitana mwana wake kapena akukalipira mbuzi, simungafune womasulira, kupatula pamene mawu a Chipwitikizi, a Chinsenga kapena a Chinyungwe alowererapo.

Tinapitako anthu anayi m'mwezi wa Seputembala 2023, kukacheza kwa abale amene anakhala akutiitana kwa zaka zingapo. Tinatulukira pa chipata cha Mwanza n'kulowera pa Zóbuè, kutsetsereka mpaka ku Moatize kumene fumbi la malasha limadetsa ndi masamba a mitengo omwe. Wopita ku Marávia safunika kuwoloka Zambezi. Asanafike pa mlatho wa Samora Machel, mzinda wa Tete ukuonekera tsidya, amakhotera kumpoto kutsata msewu wa tala wopita ku Cassacatiza ndi ku Katete. Pa Bene ndi pamene amausiya msewuwo n'kulunjika kumadzulo, pa msewu wa N303 umene umakathera ku Zumbo. Kuyambira pamenepo ife tinayenda pa dothi, pa miyala ndi pa mchenga wa m'mitsinje youma. Galimoto zimene tinakumana nazo tikanatha kuziwerenga ndi zala, koma njinga zamoto zinali zambiri, ina itanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga. Kufupi ndi Tete kunali malambe ndi mitengo ya tsanya yoyoyoka masamba. Pamene tinayamba kukwera, nkhalango inasintha, mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira ngati yapakidwa magazi, pansi pake pali lupsa lakuda bii.

M'thumba la malaya ndinali ndi kakamera kamene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg atasiya kukagwiritsa ntchito. Kukula kwake n'kofanana ndi sopo wosambira amene wasambiridwako sabata imodzi. Kumbuyo kwake konse ndi galasi, ndipo mabatani ake ndi atatu okha: loyatsira, lojambulira, ndi lokokera pafupi zinthu zakutali. Zina zonse munthu amachita pokhudza galasilo ndi chala. Ndi za kanthu kameneka, ndi zimene kanandionetsa ku Chiputo, zimene ndifuna kukufotokozerani, pakuti ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri makamera otere ali m'madirowa, ndipo pafupifupi aliyense wa inu ali ndi foni imene imagwira ntchito yomweyo.

Kamera yosafuna filimu si yakale kwambiri. Yoyamba inapangidwa m'chaka cha 1975, chaka chomwe Mozambique inalandira ufulu wake, ndi mnyamata wina wa ku kampani ya Kodak dzina lake Steven Sasson. Inkalemera makilogalamu 3.6, ndipo kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa tepi ya kaseti pankapita masekondi 23. Patatha zaka 30, m'chaka cha 2005, kampani ya Sony inatulutsa Cyber-shot DSC-N1, kakamera ka m'thumba koyendetsedwa ndi chala pa galasi. Nikon inatulutsa Coolpix S60 mu 2008, ndipo Canon inatsatira ndi IXUS 200 IS mu 2009. Nthawi imeneyo malonda ake anali pamwamba zedi: m'chaka cha 2010 makampani a ku Japan anatumiza m'misika makamera okwana 121 miliyoni. Kenaka foni inawalanda msika, kotero kuti mu 2023 chiwerengerocho sichinafike ndi 8 miliyoni pomwe. Ndicho chifukwa chake makamera amene kale ankanyamulidwa ndi azungu odzaona nyanja lero akutipeza ife, kudzera mwa achibale a ku Joni ndi m'misika ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito.

Wina afunsa kuti, nanga popeza foni imajambula, kamera ndi yachiyani? Foni yodula ya masiku ano imaposadi kakamera kakale m'zinthu zambiri, makamaka usiku, pamenepo sindingatsutse. Koma mafoni amene ambiri a ife tili nawo si odulawo. Diso la kamera ya m'thumba limatuluka ndi kutalika, magalasi a m'kati mwake n'kusuntha, motero ng'ombe imene ili tsidya la dambo imabwera pafupi ili yooneka bwino. Foni wamba imangokulitsa timadontho ta chithunzi, ng'ombeyo n'kusanduka chimtambo chofiirira. Chinanso n'chakuti kumalo kopanda magesi moto wa m'foni ndi wamtengo wapatali, ndipo munthu wanzeru amausungira kuimba. Komanso kamera ungathe kuipereka kwa mwana kuti ajambule popanda kuopa kuti awerenga mauthenga ako kapena atumiza ndalama zako kwina.

Amene anapanga timakamera timeneti ankaganizira munthu woyenda m'misewu ya Tokyo kapena ya London, ndipo ku Chiputo tinakumana ndi zinthu zimene iwo sanaziwerengere. Choyamba ndi dzuwa. Kamera yotere ilibe kabowo kosuzumirapo monga zinalili zakale zija. Chilichonse umachionera pa galasi, ndipo dzuwa la Seputembala likafika paliwombo galasilo limangokuonetsa nkhope yako yomwe. Mankhwala ake ndi chipewa, kapena kuima pamthunzi iwe wojambulawe ngakhale chimene ukujambula chili padzuwa. Ukawonjezera kuwala kwa galasi, batire limatha msanga, pakuti galasilo ndilo limadya moto kuposa china chilichonse. Batire limodzi la kamera yotere limatha kujambula zithunzi ngati 200, koma zimenezo n'zoona pokhapokha ngati sukuonetsa anthu zimene wajambula, ndipo ku Chiputo chithunzi chilichonse chimaonedwa ndi anthu khumi ndi awiri, ena kawiri. Ife tinali ndi mabatire awiri, ndipo masana aliwonse limodzi linkakhala pa golosale ina pamene pali sola padenga, likutchajidwa pamodzi ndi mulu wa mafoni ndi mawailesi, pa mtengo wa mametikali ochepa.

Fumbi ndilo mdani wamkulu. Diso lotuluka ndi kubwerera lija limakoka timchenga n'kutilowetsa m'kati, ndipo tsiku lina limangokanirira panja, kamera n'kufa ili yamoyo. M'thumba la buluku muli fumbi lambiri kuposa mmene mumaganizira. Kajumbo kotseka pakamwa kapena sokosi yoyera zimaiteteza bwino, ndipo ikagwidwa ndi fumbi ndi bwino kuyamba kuliuzira ndi kulikutumula musanapukute, chifukwa mchenga wopukutidwa ndi nsalu umakala galasi. Musaisiye pa bolodi ya galimoto padzuwa. Kutentha kumafooketsa batire.

Za chala ndi galasi ndiye zinatiseketsa. Magalasi okhudza alipo a mitundu iwiri. Akale ali ndi timapepala tiwiri topyapyala timene timagundana ukadina, ndipo amamva chikhadabo, kamtengo, chilichonse. Atsopano, monga a pa foni, amamva mphamvu ya magesi imene ili m'khungu la munthu. Amapepuka kugwiritsa ntchito, koma dontho la thukuta limawasokoneza, ndipo chala chouma cha zikang'a nthawi zina sachimva n'komwe. Bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya amene manja ake anakula ndi mpini wa khasu, anayesa katatu kukhudza galasi la kamera yathu osaphula kanthu, pamene mdzukulu wake wa zaka zisanu ndi chimodzi anangopititsapo kachala zithunzi n'kuyamba kuyenda. Mkuluyo anapukusa mutu nati, "Abusa, kanthu kanuka kamasankha anthu. Sikafuna olima." Tonse tinaseka, koma mawuwo ndinawasunga.

Ndinawasunga chifukwa pali kusankha kwina kumene kamera imachita, kumene ambiri a ife timakuvomereza ngati kuti ndi mmene tinabadwira. Taonani zithunzi za maukwati ndi za misonkhano zimene zili m'nyumba mwanu: kumwamba kukuoneka bwino, khoma la laimu likuoneka bwino, malaya oyera akuoneka bwino, koma nkhope za anthu zili mdima wokhawokha, mano ndi maso basi. Chifukwa chake n'chakuti kamera imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuona n'kufuna kuti kukhale pakatikati. Ikaona thambo lowala ndi khoma loyera imati kwawala kwambiri, n'kuchepetsa, ndipo choyamba kumira ndi nkhope yakuda. Vutoli ndi lakale: kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lokhala ndi nkhope ya mkazi wachizungu. Apa ndi pamene galasi lokhudza limaonetsa phindu lake lenileni. Ukakhudza nkhope ya munthuyo pa galasi usanadine, kamera imadziwa kuti chofunika ndi chimenecho. Imalunjika pamenepo, ndipo makamera ambiri ndi mafoni amayezanso kuwala kuchokera pankhopepo. Ngati nkhope ikadali yakuda, pali chizindikiro cha kuphatikiza ndi kuchotsera chimene ungakankhire mbali ya kuphatikiza pang'ono. Thambo liyera mopitirira, koma thambo sindilo munabwerera kudzajambula.

Malo oimikapo munthu nawo ndi nkhani. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pabwino, komatu dzuwa lodutsa m'masamba limalemba mawangamawanga pankhope ngati nkhanga. Pakhonde, munthu atayang'ana kubwalo, ndipo pamene kuwala kumafika mofatsa, makwinya ndi mphini zonse n'kuoneka bwino. Fulashi ya kakamera imathandiza masana kuposa usiku: imachotsa mthunzi wa chipewa pamaso, koma mphamvu yake imathera pa mamita atatu kapena anayi, tsono kuiyatsira gulu la anthu limene lili kutali mumdima n'kungotaya moto. Mapiri a ku Marávia amajambulika m'mamawa dzuwa likangotuluka. Ikafika 9 koloko, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimawaphimba, ndipo chimene maso akuona ngati phiri lalikulu la miyala chimatuluka pa galasi ngati kamzere kotuwa.

Zonsezi munthu angaphunzire m'masiku awiri. Chovuta ndi mwambo wake. Tisanatulutse kamera tinayamba takaonekera kwa amfumu, monga mlendo aliyense ayenera kuchitira, ndipo amene ankatitsogolera anatiuza za malo osayenera kulozako diso: ofesi ya boma, apolisi, milatho, manda, ndi nkhalango imene a Gule Wamkulu amavalira. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo kuyambira pamenepo zithunzi zake zili ponseponse. Koma kulemekezedwa ku Paris si chilolezo chojambulira pa bwalo la eni ake. Kaya munthu umagwirizana ndi mwambowo kaya ayi, uli pa mudzi wa eni, ndipo safunsa anadya phula. Anthu wamba nawonso ayenera kupemphedwa. Mayi amene akuchokera kudimba, thukuta lili kamukamu, chitenje chakale chili m'chiuno, safuna kuti anthu a ku Lilongwe amudziwe motero. Mukamupempha adzati dikirani, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka patapita theka la ola atasamba, atavala kapulana watsopano, mwana atamudzoza mafuta. Alendo ena zimenezi zimawakhumudwitsa, amati chithunzicho sichikuonetsanso moyo weniweni. Ine ndimati mayiyo ndiye mwini nkhope.

Kuti mumvetse chifukwa chake chithunzi chili chinthu chachikulu chotere ku Chiputo, muyenera kukumbukira zimene dera limeneli linadutsamo. M'mwezi wa Malichi 1968 asilikali a FRELIMO anatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, kulowera mbali ya ku Zambia, ndipo nkhalango za Marávia zinasanduka njira ndi malo awo obisalamo. Mlatho watsopano wa pa Zambezi ku Tete, umene unatsegulidwa mu 2014, unatchedwa Kassuende pokumbukira msasa wawo wa m'boma lomweli. Apwitikizi anayankha posonkhanitsa anthu m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa kumapeto kwa 1974, madzi anabwerera m'mbuyo mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo anthu osachepera 25,000 anachotsedwa m'minda ndi m'midzi yawo. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, koma pasanapite nthawi nkhondo yapachiweniweni inayamba, ndipo sinathe mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Anthu a m'madera a kumalire ano ambiri anathawira ku Zambia, ena n'kukakhala ku msasa wa Ukwimi, m'dera la Petauke, umene unatsegulidwa mu 1987. Ku Malawi kunafika anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ife amene tinali ana a sukulu masiku amenewo timakumbukira anzathu a m'kalasi amene ankawerenga manambala m'Chipwitikizi.

Munthu wothawa usiku amanyamula mwana, poto ndi bulangete. Ngati m'nyumbamo munali chithunzi, chinapsa ndi denga. Ndiponso m'nyumba zambiri munalibe n'kale lomwe, pakuti ajambuli a panjinga aja amene ankazungulira m'midzi ya kwathu ndi filimu ya zithunzi 36, n'kubwerera pakatha mwezi ndi envulopu, sakanayenda m'dziko la mabomba okwirira. Chotero mbadwo wathunthu unapita osasiya nkhope. M'nyumba zimene tinalowa, chithunzi chokhacho cha munthu wachikulire chinali cha pa chiphaso cha boma kapena pa khadi lovotera, mwambo umene unayamba ndi chisankho cha Okutobala 1994: kankhope kakang'ono ngati chala chachikulu, koyang'ana mwamantha, kosungidwa m'kapepala ka pulasitiki pansi pa mphasa. Munthu akamwalira, kameneko ndiko ana amasunga.

Komatu sikuti kamera inachedwa kufika m'chigwa cha Zambezi. Inafika kale kwambiri, mu 1858, pa ulendo wa David Livingstone. Mng'ono wake Charles ndiye anapatsidwa ntchito yojambula, koma zithunzi zimene zinapulumuka zambiri ndi za Dr. John Kirk, amene ankajambulira pa mapepala opakidwa phula. M'mwezi wa Novembala chaka chimenecho iwo anafika pa mathithi a Kebrabasa, amene anawatsekera njira, ndipo lero ali pansi pa madzi a damu. Zithunzi za Kirk zikusungidwa ku Scotland, ndipo zambiri mwa izo ndi za mitengo, nyumba ndi mabwato, popeza kamera ya nthawi imeneyo inkafuna chinthu chosagwedezeka kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake anabwera akuluakulu a boma, asilikali, amishoni ndi a mabungwe othandiza othawa nkhondo, aliyense ndi kamera yake. Zithunzi zinajambulidwa zambirimbiri, ndipo zinapita ku Lisbon, ku Cape Town, ku Geneva. Ngakhale ife a mpingo tiyenera kuyang'ana zithunzi zakale za m'mamishoni athu: pansi pake pamalembedwa dzina la mmishonale ndi la mkazi wake, ndipo anthu makumi atatu amene aima kumbuyo amangotchedwa "akhristu a kumaloko". Mozambique inabala mjambuli wamkulu, Ricardo Rangel, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1924 mpaka 2009 ndipo mu 1983 anatsegula sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo kuti ana a dzikolo azijambula okha dziko lawo. Koma Maputo ndi kutali ndi Chiputo kuposa mmene kulili ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare.

Tsiku lachitatu anatitengera kwa agogo ena aakazi amene anabwerera kuchokera ku Ukwimi nkhondo itatha. Zaka zawo sazidziwa, koma anati pamene damu linkamangidwa n'kuti ali ndi ana awiri. Atavala mpango wawo wa pa Sabata anakhala pa mpando pakhonde, manja ali pa mawondo, osamwetulira ngakhale adzukulu anayesetsa kuwaseketsa. Nditawaonetsa galasi analiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati, "Awa ndi amayi anga." Adzukulu anaseka, koma iwo sanali kusokonezeka, ankanena kuti nkhope ya mayi awo, imene anaiona komaliza zaka zoposa makumi atatu zapitazo m'njira yothawira, yabwerera pa nkhope yawo. Anaikapo chala kuti aisisite, ndipo galasi, pomvera chala monga linapangidwira, linachotsa chithunzicho n'kubweretsa cha mbuzi imene ndinajambula m'mawa. Anadzidzimuka. Nditachibwezera anandifunsa kuti, "Tsono abusa, mukamapita kwanu, ine nditsala ndi chiyani?"

Funso limeneli likukhudza aliyense amene amayenda ndi kamera kapena foni. Mjambuli wa panjinga uja, ngakhale ankadula mitu ya anthu ndi kuchedwa ndi zithunzi, ankasiya pepala m'manja mwa mwini wake. Kamera ya lero imaonetsa munthu nkhope yake nthawi yomweyo, chimene n'chodabwitsa ndithu, koma imamuonetsa kwa kamphindi, kenaka n'kulowa m'thumba la mlendo. Tikafika kwathu timaika zithunzizo pa Facebook ndi pa WhatsApp, anzathu n'kutiyamikira kuti tinayenda, pamene amene ali m'zithunzimo sadzazionanso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kunena zoona, mlendo wa kamera amauma msanga kuposa mame, ndipo amapita ndi kanthu.

Mwina muganiza kuti mafoni athetsa vutoli. Kuyambira pamene kampani ya Movitel inayamba ntchito mu 2012, netiweki inafika m'madera ambiri a kumidzi ya Mozambique, ndipo achinyamata a ku Chiputo amene ali ndi mafoni a galasi amajambulana monga amachitira anzawo a ku Kawale. Koma funsani mnyamata aliyense kuti akuonetseni chithunzi cha zaka zisanu zapitazo. Adzakuuzani kuti foni ija inagwera m'madzi, ina inabedwa, ina anagulitsa nthawi ya njala, memori khadi inadzadza n'kufufuta zakale kuti alowetse nyimbo. Masiku ano zithunzi zikujambulidwa zambiri kuposa kale lonse, ndipo zikutayika zambiri kuposa kale lonse. Pepala losungidwa m'sutikesi, kutali ndi chinyezi ndi chiswe, limapirira zaka makumi angapo popanda batire.

Kutsukitsa zithunzi si kovuta monga ena amaganizira. Chithunzi cha kukula kwa positikhadi, masentimita 10 kwa 15, chimafuna mamegapikiselo awiri okha kuti chituluke bwino, ndipo kamera iliyonse ya m'thumba ya zaka 20 zapitazi imaposa pamenepo. Tsono musanyengedwe ndi manambala aakulu olembedwa pa bokosi. Chofunika n'kupita ndi memori khadi yeniyeniyo kwa otsuka zithunzi, chifukwa chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp nthawi zambiri chimakhala chitafinyidwa. Uzani wotsukayo kuti awalitse nkhope, ndipo muone chimodzi asanatulutse zonse. Musanayambe ulendo konzani tsiku ndi nthawi m'kameramo, pakuti imalemba zimenezi m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndipo batire ikakhala nthawi yaitali itachotsedwa imaiwala n'kubwerera ku chaka chimene inapangidwa. Koma dzina la munthu kamera silidziwa. Mmodzi wa anzanga a paulendo, mphunzitsi wopuma, anatenga ntchito imeneyi: ine ndikajambula, iye ankalemba m'kope nambala ya chithunzi, dzina la munthu, mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake. Zinkachedwetsa, ndipo nthawi zina dzina limodzi linkabala mbiri ya ola lathunthu, ya amene anabadwira kuti, anathawira kuti, anaikidwa kuti. Kope limenelo linadzadza msanga kuposa memori khadi.

Tinabwerako ndi zithunzi zoposa 400. Zambiri zinali za mapiri, misewu, nkhokwe ndi zigafa za fodya, ndipo zimenezo zili m'kompyuta. Za anthu tinasankhapo 70 n'kuzitsukitsa ku Lilongwe, ziwiriziwiri pamene panali banja lalikulu, pa mtengo wosafika wa mafuta amene tinawotcha pakati pa Mwanza ndi Moatize. Mphunzitsi uja analemba kumbuyo kwa chilichonse dzina, mudzi ndi tsiku, ndipo tinaziika m'timajumbo ta pulasitiki potsata midzi. Vuto linali wonyamula. Envulopuyo inakhala milungu isanu kwa mbale wina ku Tete, kufikira pamene mnyamata wa ku Chiputo amene anabwera kudzagula zipangizo za njinga yamoto anaitenga, mvula yoyamba isanadzadze mitsinje.

Mu Disembala foni inalira, nambala yake ya ku Mozambique, mawu akudukaduka. Anali mdzukulu wa agogo aja, ataima pa chulu pamene netiweki imagwira. Anati zithunzi zafika, ndipo amfumu ndiwo anagawa pa bwalo poitana maina olembedwa kumbuyo. Cha agogo anachiika m'Baibulo la mdzukuluyo poopa utsi wa m'nyumba. Koma anali ndi uthenga wina: agogowo akuti tsiku lija mng'ono wawo anali atapita kumaliro ku Fingoé, ndipo iyenso ndi wokalamba, maso ayamba kuchita khungu. Akufunsa ngati kabokosi kaja kakadali ndi malo a munthu mmodzi, ndiponso ngati tingafike chaka chino fodya asanalowe m'zigafa.